Galamu imodzi imene ndinafufuta

Tili Fomu 3, aphunzitsi athu a Kemisitiri analowa m'kalasi atanyamula kabokosi kakatali ka foyilo, ija amavundikirira nyama ikamalowa mu uvuni. Anatiuza kuti anaigula ndi ndalama za m'thumba mwawo atapita ku Blantyre, choncho aliyense aigwire mosamala chifukwa ina kulibe. Anang'amba kachidutswa, n'kukakweza m'mwamba kuti tonse tikaone, kenako anafunsa kuti, "Ndani angandiuze kuchindikala kwa chinthu ichi?"

Ena anatulutsa marula. Koma kamzere kakang'ono kwambiri pa rula kamaimira milimita imodzi, pomwe foyilo ya kukhitchini imafunika kusanjikiza mapepala oposa 60 kuti ikwane milimita imodziyo. Ngakhale tsitsi limodzi la m'mutu limaiposa kunenepa. Aphunzitsi anatisiya tivutike pang'ono, kenako anatenga choko.

Anati chinthu chikapyapyala mopitirira maso, timachifunsa kudzera pa kulemera kwake. Foyilo ndi aluminiyamu, chitsulo chopepuka chomwe chimachokera ku dothi la bauxite, longa lomwe lili pamwamba pa phiri la Mulanje. Aluminiyamu wodzaza kabokosi ka sentimita imodzi mulitali, mulifupi ndi msinkhu amalemera magalamu 2.7, pomwe chitsulo cha makasu chodzaza kabokosi komweko chimafika pafupifupi magalamu 7.9. Nambala imeneyi ndiyo amaitcha density. Ukadziwa kulemera kwa foyilo yako, umagawa ndi 2.7, ndipo umapeza malo onse amene chitsulocho chatenga. Ukagawanso malowo ndi kukula kwa pepalalo, mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi, chotsala ndicho kuchindikala. Analemba zonsezi pa bolodi m'mizere itatu yokha, ndipo ine ndinazimva bwino lomwe. Masamu ankandiyendera, n'chifukwa chake anzanga anandisankha kukhala mtsogoleri wa gulu lathu.

Magulu analipo 8. Gulu lililonse linalandira foyilo yoti lidule masentimita 20 mbali zonse zinayi. Wina anafunsa chifukwa chake sitikudula kakang'ono kuti foyilo itsaleko. Aphunzitsi anayankha kuti sikelo imene tigwiritse ntchito imasiyanitsa kulemera kuyambira pa galamu 0.1 basi. Kachidutswa ka masentimita 10 kangalemere pafupifupi galamu 0.4, ndiye kuphonya kamzere kamodzi kokha n'kuphonya gawo limodzi mwa magawo anayi a yankho lonse. Chidutswa chikakula, kuphonya komweko kumachepa mphamvu.

Sukulu yathu inalibe sikelo yotere. Anakabwereka ku sukulu ina yapafupi, ndipo mnyamata amene anatumidwa pa njinga anali asanabwere. Tinadula foyilo ndi lezala, tinayeza mbali zonse ndi rula, gulu lililonse n'kulemba nambala yake pa ngodya. Belu la buleki litalira, aphunzitsi anati atsogoleri a magulu asunge mapepalawo mpaka sikelo ifike.

Anzanga atatuluka kukagula zitumbuwa, ine ndinatsala ndekha m'chipinda chimene tinkachitcha labu. M'kabati ya kumbuyo munali micrometer imodzi, kachipangizo kokhala ndi timilomo tiwiri tachitsulo tomwe timayandikana ukamapotokola chogwirira chake. Ndinali nditaiona m'buku, koma ndinali ndisanaigwirepo. Ndinafuna kudziwa yankho ena asanalidziwe, kuti aphunzitsi akafunsa ndidzakhale woyamba kukweza mkono. Ndinatsegula kabati popanda chilolezo.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti micrometer saimanga ndi mphamvu. Kumapeto kwa chogwirira kuli kachitsulo kena kakang'ono komwe kamalira kuti tche tche timilomo tikangogunda chinthu, ndipo pamenepo umayenera kuleka. Ine ndinapotokola chogwirira chachikulu. Mzere unaima pakati pa 1 ndi 2, ndipo sindinadziwe choti ndiwerenge, poti timizere take timaimira milimita 0.01 pomwe foyilo ili pakati pa kamzere koyamba ndi kachiwiri. Ndinamanganso kwambiri poganiza kuti mzere ukhazikika. Nthawi yomweyo ndinamva mapazi pakhonde. Ndinakoka foyilo ndisanamasule, ndipo inang'ambika kuchokera m'mphepete mpaka pakati, kachidutswa kena n'kutsalira m'kamwa mwa micrometer.

Wodutsa pakhondeyo sanalowe n'komwe. Ndinamasula kachidutswako, ndinayesa kulumikiza, koma foyilo ikang'ambika imangokwinyika ukamaigwiragwira. Mawu a aphunzitsi akuti ina kulibe anandizungulira m'mutu. Ndinafinya zidutswa zonse kukhala kampira, n'kuponya m'thumba la kabudula.

Azakhali anga ankagwira ntchito pa malo ena odyera pafupi ndi boma, komwe ankaphikira anthu a misonkhano. Ndinadzera pa chibowo cha mpanda wa kuseri kwa zimbudzi, n'kuthamanga osapuma. Ndinawapeza akutsuka mapoto kuseri kwa khitchini.

"Iwe, nthawi ya sukulu ino ukudzatani kuno?"

"Azakhali, ndithandizeniko foyilo. Atituma kusukulu."

"Yatsopano abwana amaitsekera. Tenga iyi, tinavundikira nkhuku dzulo. Uipukute bwino."

Limenelo linali bodza langa loyamba la tsikulo, ndipo ndinalinena kwa munthu amene akanandithandiza ngakhale ndikanamuuza zoona. Ndinapukuta mafuta ndi pepala la m'kope, ndinasalaza makwinya ndi kumbuyo kwa supuni, ndipo nditafika ku labu ndinadula masentimita 20 mbali zonse, n'kulemba nambala ya gulu lathu pa ngodya. Zala zanga zinamva kuti foyilo iyi ndi yolimbirako kuposa ija. Ndinazimva ndithu, koma ndinadziuza kuti foyilo ndi foyilo.

Sikelo inafika. Inali ya mtundu wa triple beam, ya timiyala totsetsereka pa mizere itatu. Aphunzitsi anaiika pa tebulo, anatseka mawindo kuti mphepo isakankhe mbale yake, anaiwongola mpaka muvi unaloza pa ziro. Kuchokera ku gulu lililonse kunkapita anthu awiri, mtsogoleri woyeza ndi mlembi wolemba. Mlembi wathu anali mtsikana wachete, wolemba mwaukhondo, yemwe ankakhala kutsogolo chifukwa ankafuna kudzakhala namwino. Ndinapinda foyilo, ndinaiika pa mbale, ndinasuntha kamwala mpaka muvi unakhazikika. Tonse awiri tinawerenga magalamu 2.7. Iye analemba ndi pensulo pa pepala la gulu, n'kundipatsa kuti ndichite masamu.

Masamuwo anatuluka osalala: 2.7 kugawa ndi 2.7 ndi 1, ndipo 1 kugawa ndi 400 ndi sentimita 0.0025, kapena kuti milimita 0.025. Mtima unayamba kukhala pansi. Koma nditakweza maso, magulu ena anali atayamba kulemba zawo pa bolodi. Gulu loyamba 1.7, lachiwiri 1.7, lina 1.8, linanso 1.7. Onse ankapeza kuchindikala kwa pafupifupi milimita 0.016. Ife tokha tinali ndi galamu yathunthu yoonjezera.

Ndinadziwa kumene galamu imeneyo yachokera. Ndinadziwanso kuti ndikalemba 2.7 pa bolodi, aphunzitsi afunsa, ndipo nkhani ya kabati, ya mpanda ndi ya azakhali ituluka yonse. Anzanga a m'gulu anali kuyang'ana ku bolodi. Ndinatenga labala, ndinafufuta 2 wa mtsikana uja, n'kulembapo 1 motsanzira kalembedwe kake. Ndinachitanso masamu, ndinapita ku bolodi, ndinalemba 1.7 ndi 0.016. Aphunzitsi anagwedeza mutu mokondwa poona magulu onse agwirizana. Mlembi wathu anandiyang'ana modabwa, koma ndinathawitsa maso.

Sindinadziwe kuti phunziro linali lisanathe. Aphunzitsi anati tsopano atisonyeza ubwino woyeza zambiri pamodzi. Anasonkhanitsa mapepala onse 8, nati tiphatikize manambala a pa bolodi kuti tidziwiretu chomwe sikelo inene. Tinapeza magalamu 13.8. Anaika mulu wonse pa mbale, anasuntha timiyala, ndipo muvi unakhazikika pa 14.8.

Anachotsa mulu, anayang'ananso ziro, anabwezera. Inali 14.8 yomweyo. Anapukuta mbale ndi mpango wawo, anasuntha sikelo kuiika mbali ina ya tebulo poganiza kuti tebulo lapendekeka. Ndinawamva akudzilankhulira kuti mwina sikelo yavulala pa njinga, ndipo adzayankha chiyani kwa eni ake. Mnyamata amene anakaitenga anayamba kulumbira kuti sanagwe nayo paliponse. Ine ndinakhala pa benchi, kampira ka foyilo kali m'thumba, osatsegula pakamwa.

Kenako anayamba kuyeza limodzilimodzi. La gulu loyamba linagwirizana ndi bolodi, lachiwiri chimodzimodzi. Atafika pa lathu, muvi unakana kutsika mpaka pa 2.7.

"Mlembi wa gulu ili ndani?"

Mtsikana uja anaimirira. "Ndine, Sala. Koma ine ndinalemba 2.7."

Aphunzitsi anaitanitsa pepala. Panali 1.7, ndi chizindikiro cha labala pansi pake. Anamufunsa ngati kalembedweko si kake. Iye anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa ine. Kumbuyo anyamata anayamba kuseka. Wina anakuwa kuti atsikana asamawapatse sikelo, azingowapatsa chipande, ndipo kalasi yonse inaphulika. Aphunzitsi anawakalipira, koma anauzanso mtsikanayo kuti kusintha nambala poona za ena ndi mlandu waukulu pa sayansi, ndipo akawapeze ku ofesi mawa m'mawa. Iye anakhala pansi, misozi ikugwera pa kope. Belu linalira. Ndinanyamula chikwama changa n'kutuluka pamodzi ndi ena.

Pa zonse zimene ndinachita tsiku limenelo, chimene chimandiwawa mpaka lero ndi kutuluka kumeneko. Kung'amba foyilo inali ngozi ya mwana wopupuluma. Kuthawira kwa azakhali anali mantha. Koma pamene mnzanga ankasekedwa chifukwa cha dzanja langa, ndinali ndi mpata wokwanira woimirira, ndipo ndinasankha kukhala pansi.

Usiku umenewo nsima sinatsike. Amayi anafunsa ngati ndayamba malungo, ndinati mutu chabe. Pochapa yunifolomu ndinatulutsa kampira kaja m'thumba, ndipo ndinaganiza zokakaponya m'chimbudzi kuti umboni uthe. Chimene chinandiletsa chinali kuganiza za mawa: mtsikana uja ataima yekha mu ofesi, akunena zoona, popanda womukhulupirira.

M'mawa ndinafika iye asanafike. Ndinagogoda pa ofesi ya aphunzitsi, ndinaika kampirako pa tebulo, ndipo ndinafotokoza zonse kuyambira pa kabati. Aphunzitsi anamvetsera osandidula mawu. Nditamaliza anafunsa funso limene sindinaliyembekezere.

"Zidutswa zonse zili m'kampira aka? Palibe chinatayika?"

"Zonse zilimo, Sala."

Ananyamula sikelo, imene inali isanabwezedwe, n'kupita nane m'kalasi. Anandiimika kutsogolo kuti ndinene ndekha pamaso pa onse zimene ndinawauza mu ofesi, ndipo ndinanena, mawu akunjenjemera. Aphunzitsi anapepesa kwa mtsikana uja pamaso pa kalasi chifukwa chomuweruza asanafufuze, ndipo analamula mnyamata wa chipande uja kuti nayenso apepese. Kenako anaika kampira kanga pa mbale. Muvi unakhazikika pa 1.7.

Anati, "Mwaona? Kung'ambika sikuchotsa kulemera. Kukwinyika sikuchotsa kulemera. Mulitali ndi mulifupi munali mutayeza kale musanapite ku buleki. Mnyamatayu akanabweretsa zidutswa zakezi pa sikelo, yankho lake likanakhala lolondola ngati la wina aliyense." Ndinamva ngati pansi patseguka. Ulendo wonse wodzera pa mpanda, bodza kwa azakhali, labala, misozi ya mnzanga, zonsezo ndinazichita pobisa chinthu chimene sichinaonongeke n'komwe.

Foyilo ya azakhali sanaitaye. Anatuma wina kukaitsuka ndi sopo, anaiyanika padzuwa mpaka inauma, n'kuiyezanso. Inatsika kufika pa 2.6, kusonyeza kuti galamu 0.1 inali mafuta a nkhuku. Tinachita masamu tonse ndipo tinapeza milimita 0.024. Anatifotokozera kuti foyilo imapangidwa popsinja aluminiyamu pakati pa zitsulo zozungulira mobwerezabwereza mpaka apyapyale, ndipo opanga amatulutsa ya mitundu ingapo: yapanyumba ya pafupifupi milimita 0.016, ndi yolimba ya pafupifupi 0.024 imene ophikira anthu ambiri amaikonda chifukwa sing'ambika msanga. Popsinja komaliza amalowetsa mapepala awiri pamodzi kuti asaduke, n'chifukwa chake mbali imene inakhudza chitsulo imanyezimira pomwe imene inakhudzana ndi inzake imakhala yozimirira. Anatiuza tisiyanitse ndi maso foyilo yapanyumba ndi ya azakhali, ndipo palibe anatha kunena motsimikiza. Kusiyana kwake kunali milimita 0.008 yokha, koma sikelo yobwereka, rula ndi choko zinakugwira.

Anapitiriza kutiwerengetsa maatomu. Atomu imodzi ya aluminiyamu ndi yotambalala pafupifupi milimita 0.000000286. Tikagawa, foyilo yapanyumba imakhala ndi maatomu pafupifupi 56,000 osanjikizana kuchokera mbali ina kufika mbali inzake, pomwe ya azakhali inali ndi pafupifupi 84,000. M'kalasi munali zii. Ambiri a ife aka kanali koyamba kumva kuti atomu, imene tinkangoiloweza pokonzekera mayeso, tingathe kuiwerenga pa chinthu chogwirika ndi manja.

Kenako anatiuza za Hans Geiger ndi Ernest Marsden, amene mu 1909 ankagwira ntchito pansi pa Ernest Rutherford ku Manchester. Iwo ankawombera tizidutswa totchedwa alpha pa zitsulo zopyapyala kwambiri, kuphatikizapo golide. Malinga ndi zimene akatswiri ankakhulupirira nthawi imeneyo, tizidutswato tinayenera kungodutsa. Pafupifupi tonse tinkadutsadi, koma kamodzi pa zikwi zambiri kankabwerera m'mbuyo. Chinali chotsatira chosagwirizana ndi chiyembekezo cha aliyense, ndipo anachilemba monga momwe chinalili. Kuchokera pa chimenecho, mu 1911 Rutherford anafotokoza kuti pakati pa atomu pali kachinthu kakang'ono kolemera kwambiri, kamene lero timakatcha nucleus. Aphunzitsi ananditembenukira n'kunena kuti, "Iwe 2.7 wako ankakuuza kuti foyilo yako ndi ina. Sikelo inakuuza zoona, iwe n'kuitseka pakamwa."

Chilango ndinalandira: kukumba dzenje la zinyalala chifukwa chotuluka pa mpanda ndi kutsegula kabati. Kwa azakhali ndinapita ndekha Loweruka kukawauza kuti palibe anandituma, ndipo anandikalipira mokwanira. Zimenezo zinatha msanga. Chosatha chinali cha mlembi wathu. Ndinamupeza pa mjigo ndi kumupepesa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Za foyilo sindikukuimba mlandu. Koma unandiona akundiseka, iwe uli chete." Ndinalibe choyankha. Akuluakulu amati pepani sapoletsa chilonda, ndipo ndinaziona pa nkhope yake. Anapempha aphunzitsi kuti amusamutsire ku gulu lina, ndipo mpaka tinalemba MSCE sitinakhalenso pa tebulo limodzi la labu. Atsikana m'kalasi mwathu anali ochepa kale pa maphunziro a sayansi, ndipo aliyense wa iwo ankalimbana ndi mawu onga a chipande aja tsiku ndi tsiku. Ine ndinawapatsa anyamata aja mpata wina woti anenere.

Lero ndimagwira ntchito yoyeza mbewu pa kopaletivi ya alimi. Soya, mtedza ndi nandolo zimadutsa pa sikelo yanga, ndipo nambala imene ndalemba m'buku ndiyo ndalama imene mayi wasenza thumba kuchokera kutali apite nayo kunyumba. A Malawi Bureau of Standards ali ndi udindo woyendera masikelo a malonda ndi kutsimikiza kuti akuyeza bwino, ndipo ntchito imeneyo ndi yofunika, poti alimi ambiri amadandaula za mavenda a masikelo obera. Koma sikelo ikhoza kukhala yolondola, cholembera n'kunama. Choncho pa tebulo langa nkhope ya sikelo imayang'ana kwa mlimi, nambala ndimaitchula mokweza ndisanalembe, ndipo ndimalemba ndi bolopeni. Ndikaphonya, ndimadula ndi mzere umodzi kuti yoyambayo izionekabe, n'kulemba yolondola pambali, mwini thumba akuona. Labala pa tebulo limenelo saloledwa.

Kwa ana a sukulu amene mukuyeza zinthu m'malabu, pempho langa ndi lakuti muzilemba chimene sikelo yanena musanayang'ane pa bolodi. Nambala yanu ikasiyana ndi ya anzanu, pali chifukwa, ndipo kufufuza chifukwacho ndiye phunziro lenilenilo. Mwina foyilo yanu ndi ina, mwina pali mafuta, mwina rula inapendekeka, mwinanso ndinu nokha mwaona chimene ena onse aphonya. Kwa aphunzitsi, ndikupempha kuti gulu lobweretsa yankho lachilendo musalichotsere malikisi lisanafotokoze, ndipo mwana wothyola chipangizo azidziwa kuti angathe kubwera kudzanena popanda kuopa kunyozedwa. Ana akaona kuti yankho lofanana ndi la m'buku ndilo lokha limayamikiridwa, amaphunzira kufufuta, ndipo mwana wozolowera kufufuta m'kope adzafufutanso m'buku la chipatala, la sitolo kapena la boma, komwe wolipira amakhala munthu wina wosalakwa.